Mavoti 143 amene sadawapulumutse a Howard

Anthu akayamba kutsutsana zoti kodi munthu wamkulu angagwe pakhomo pake penipeni, ine ndimakonda kuwafotokozera zimene zidachitika m'dziko la Australia Loweruka pa 24 Novembala 2007. Kumayadi ena a mzinda wa Sydney kuli dera la phungu lotchedwa Bennelong. Tsiku limenelo nduna yaikulu ya dzikolo, a John Howard, amene adakhala akuyendetsa boma kwa zaka 11, adaluza boma, ndipo pamwamba pake adaluzanso mpando wawo wa uphungu umene adaukhalira zaka 33. Amene adawagwetsa adali mtolankhani wa pa wailesi ya kanema, Mayi Maxine McKew, amene chibadwire adali asanapikisaneko pa chisankho cha phungu.

Ambiri akaimva nkhaniyi amathamangira kuwaombera m'manja mayiwo, ati nyerere yagwetsa njovu. M'manja ndiomba ndithu, koma pang'ono, ndipo chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Chimene chimandigwira mtima ine ndi manambala a chisankhocho, chifukwa mukawayang'ana bwino mupeza kuti a Howard ndiwo adali patsogolo pa kuwerenga koyamba. Akadakhala kuti amapikisana ku Britain, kapena kwathu kuno, akadabwerera ku nyumba ya malamulo ali mwee.

Tiyambe ndi kudziwa dzikolo. Australia ndi dziko la chitaganya. Ndikudziwa kuti mawu amenewa kuno amanunkha, poti amatikumbutsa cha Welensky chija chimene chidagwa mu 1963, koma cha kumeneko n'china: mu 1901 zigawo 6 zimene zidali pansi pa Britain zidagwirizana kupanga dziko limodzi, chilichonse n'kusunga boma lake la chigawo, pamene boma la dziko lonse lili ku Canberra. Nyumba ya malamulo ya ku Canberra ili pawiri, House of Representatives ndi Senate. Mu 2007 yoyambayo idali ndi mipando 150, ndipo mtsogoleri wa mbali imene yapeza mipando yambiri ndiye amakhala nduna yaikulu. Palibe amene amavotera nduna yaikulu mwachindunji. Munthuyo ayenera kupita kudera kwake, dzina lake n'kulembedwa pa pepala limodzi ndi la mphunzitsi, la wogulitsa mankhwala, la wina aliyense amene walipira ndalama ya chikole, n'kudikira kuti anthu a deralo anene. Pa pepala la ku Bennelong chaka chimenecho padali maina 13.

Atawerenga koyamba, a Howard a chipani cha Liberal adapeza mavoti 39,551. Mayi McKew a chipani cha Labor adapeza 39,408. Kusiyana kwake mavoti 143, mokomera nduna yaikulu. Koma palibe mwa awiriwa amene adafika theka la mavoti onse. Aliyense adali pa 45 pa 100 alionse ndi kakanthu pamwamba. Mavoti otsala, 7,977, adagawikana pakati pa opikisana ena 11, ndipo ochuluka mwa iwo, pafupifupi 4,800, adali a chipani cha Greens, chija chimalimbikira nkhani za chilengedwe.

Tsono ku Australia munthu sachonga dzina limodzi n'kumapita. Amalemba 1 pa dzina la amene akum'funitsitsa, 2 pa amene angam'lolere woyambayo akakanika, kenaka 3, 4, mpaka mndandanda wonse utatha. Ukalemba 1 yekha n'kusiya enawo, voti yako yawonongeka. Powerenga amayamba ndi ma 1. Wina akaposa theka, nkhani yatha. Zikapanda kutero, amene ali kumchira amachotsedwa, ndipo mapepala ake amaunjikidwa pa amene mwini voti adam'lemba 2. Amatero mobwerezabwereza, kuchotsa wakumchira, kugawa mapepala ake, kufikira wina atadutsa theka. Ku Bennelong atamaliza ntchito imeneyi, mwa mavoti 7,977 aja Mayi McKew adatengako 5,277 ndipo a Howard 2,700. Pomaliza mayiwo adali ndi 44,685, nduna yaikulu 42,251. Amene adatsogola ndi mavoti 143 adatsalira ndi mavoti 2,434.

Kodi pamenepa a Howard adaberedwa? Alipo amene amaganiza choncho, kuti wothamanga amene wafika koyamba pa mzere ndiye wapambana, zinazo n'zamatsenga. Ine ndikuti ayi. Funso limene chisankho cha phungu chimafunsa n'lakuti, kodi anthu ambiri a dera lino akufuna kuimiriridwa ndi yani? Anthu oposa 54 pa 100 alionse sadalembe 1 pa dzina la a Howard. Atafunsidwa kuti pakati pa awiri otsalawa musankha uti, ambiri adaloza Mayi McKew. Munthu wa Greens adanena zimene zili kumtima kwake pa 1, ndipo voti yake sidagwere m'madzi chifukwa choti chipani chake n'chaching'ono. Sadakakamizidwe kuvotera munthu amene sakum'funa poopa kuti voti yake ingathandize mdani. Ufulu umenewu ife sitiudziwa. Kangati tidamva anthu akunena kuti uje ndi munthu wabwino koma sangawine, ndiye kum'votera n'kutaya voti?

Choseketsa n'chakuti njira imeneyi sadaibweretse ndi a Labor. Adaibweretsa ndi makolo a ndale a a Howard omwewo, ndipo adaibweretsa podziteteza. Mu Okutobala 1918 kudali chisankho chapadera m'dera la Swan, ku Western Australia. Mbali yosafuna Labor idagawikana, alimi adaimika wawo, chipani cholamula chidaimika wake, ndipo mnyamata wa Labor wa zaka 22, Edwin Corboy, adadutsa pakati pawo ndi mavoti 34 okha pa 100 alionse. Boma la a Billy Hughes lidadzidzimuka n'kusintha lamulo msangamsanga. Mu Disembala chaka chomwecho, pa chisankho china chapadera ku Corangamite, a James Scullin a Labor adatsogola pa kuwerenga koyamba koma adagonja atagawa mavoti a otsalawo. Msampha umene adautchera Labor udagwira ndithu kwa zaka zambiri. Mu 2007 udagwira mwini wake. Lamulo labwino la chisankho nthawi zina limabadwa m'mantha a andale, koma likakhazikika silidziwanso amene adalibereka.

Pali zina ziwiri za dongosolo la kumeneko zoyenera kuzidziwa. Kuvota n'kokakamiza kuyambira mu 1924. Wosavota popanda chifukwa chomveka amalipira chindapusa cha madola 20. Lamuloli lisanabwere, mu 1922, ovota sadafike 60 pa 100 alionse. Mu 1925 adadutsa 90. Chotsatira chake n'chakuti chipani sichingapambane pongosonkhanitsa anthu ake okhaokha n'kugwetsa mphwayi enawo, chifukwa enawo abwera ndithu, ndi mkwiyo wawo womwe. Chachiwiri, malire a madera sajambula ndi nduna. Amajambula ndi komiti yoima payokha, pansi pa Australian Electoral Commission, potsatira chiwerengero cha anthu olembetsa, ndipo nduna yaikulu imene sikukondwa ndi malire atsopano imangolemba kalata yodandaula monga wina aliyense.

Apa ndi pamene nkhani ya a Howard ikuyambira kwenikweni, chifukwa dera limene adaligwira mu 1974 silidali limene adaluza mu 2007. Bennelong idakhazikitsidwa mu 1949, ndipo kwa zaka 58 idali ndi aphungu awiri okha, a John Cramer ndi a Howard, onse a Liberal. Poyamba idali kumayadi a anthu opeza bwino kumpoto kwa doko la Sydney. Mzinda utakula, malire adakhala akusunthidwa pang'onopang'ono kulowera kumadzulo, kuloza ku Ryde, Eastwood, Epping ndi Ermington, kumene kumakhala anthu apakatikati. Nyumba yawoyawo ya a Howard ku Wollstonecraft idatsala kunja kwa deralo, ndipo ali nduna yaikulu amakhala ku nyumba ya boma ya Kirribilli, nakonso kunja. Mpando udasuntha mwini wake ali khale, akuyang'ana ku Canberra ndi ku Washington.

Anthu nawonso adasintha. Eastwood kale kudali minda ya zipatso. Ma apulo obiriwira aja a Granny Smith amene timawaona m'masitolo athu adayambira kumeneko m'zaka za m'ma 1860, m'munda wa gogo wina, Maria Ann Smith, ndipo chaka chilichonse amachita chikondwerero cha apuloyo. Pofika 2007, ukatsika sitima pa siteshoni ya Eastwood, mbali imodzi ya njanji zikwangwani za masitolo zidali m'Chitchaina, mbali inayo m'Chikoreya. Awa ndi anthu amene agogo awo sakadaloledwa n'komwe kulowa m'dzikomo, popeza kuyambira 1901 Australia idali ndi malamulo osunga dzikolo kuti likhale la azungu, ndipo zotsalira zake zidachotsedwa mu 1973. Ambiri mwa iwo adali ochita malonda, madokotala, owerengera ndalama, anthu okonda sukulu ndi kusunga chuma, amene mwachibadwa akadayenera kukhala a Liberal. Koma adali ndi chikumbumtima. Mu Ogasiti 1988, ali mtsogoleri wotsutsa boma, a Howard adanenapo kuti kubwera kwa anthu ochokera ku Asia kuchepetsedweko pang'ono. Patapita zaka adavomera kuti adalakwitsa. Mu 1996 phungu wina, Mayi Pauline Hanson, adaima m'nyumba ya malamulo n'kunyoza anthu a ku Asia, ndipo a Howard adazengereza kwambiri kuwadzudzula. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa mu 1988 udawapeza pa siteshoni ya Eastwood patatha zaka 19. Mtsogoleri wa Labor, a Kevin Rudd, amalankhula Chitchaina bwinobwino, ndipo zimenezo sizidawapweteke Mayi McKew.

Sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti Atchaina ndi Akoreya ndiwo adagwetsa a Howard paokha. Chenjezo lidabwera kale mu 2004, pamene a Andrew Wilkie, amene adasiya ntchito yawo ya ukazitape wa boma potsutsa zoti Australia ilowe nkhondo ya ku Iraq, adaima ku Bennelong pa tikiti ya Greens n'kupeza mavoti 16 pa 100 alionse. Chaka chimenecho a Howard adapulumuka, ndipo mbali yawo idapambana kwambiri mpaka kutenga ulamuliro wa Senate kuyambira mu Julayi 2005. Mwayi umenewu ndiwo udawapweteka. Popanda wowaletsa, adadutsitsa lamulo la ntchito lotchedwa WorkChoices, limene mwa zina lidachotsa ufulu wodandaula ukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo ngati kampani yako ili ndi antchito osaposa 100. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Mabungwe a antchito adayenda khomo ndi khomo kwa zaka ziwiri. Makolo a kumayadi, amene iwo eni ntchito zawo zidali zokhazikika, adayamba kuganizira ana awo ogwira ntchito m'masitolo ndi m'malo odyera.

Nanga chiongola dzanja? Mu 2004 a Howard adapempha mavoti polonjeza kuti iwo ndiwo angasunge chiongola dzanja chili pansi. Munthu wa kumayadi a Sydney nyumba yake ndi ya ngongole ya ku banki, ndipo mwezi uliwonse amaona yekha zimene akulipira. Pa 7 Novembala 2007, kampeni ili mkati, banki yaikulu ya dzikolo idakweza chiongola dzanja kufika pa 6.75 peresenti. Tamvani bwino: banki ya boma, patatsala masiku 17 kuti anthu avote, idachita zopweteka boma, ndipo bwanamkubwa wa bankiyo adagona kunyumba kwake mwamtendere n'kudzukira kuntchito m'mawa mwake.

Chomaliza chidali cha iwo eni. A Howard adali ndi zaka 68. Nduna yawo ya zachuma, a Peter Costello, idakhala ikudikira mpando kwa zaka zambiri. Mu Seputembala 2007 nduna zina zidanong'onezana zoti mkuluyu apume, koma iwo adakakamira, n'kulengeza kuti akapambana adzatula pansi udindo nthawi yawo isanathe ndipo a Costello ndiwo adzalowe. Taganizani muli wovota wa ku Epping. Munthu akukupemphani voti, koma akukuuziranitu kuti sakhalitsa. Mum'votere kuti adzakusiyeni panjira?

Tisanamizane, a Howard sadali mtsogoleri wachabechabe. Mu Epulo 1996 munthu wina atapha anthu 35 ndi mfuti ku Port Arthur, iwo adalimbana ndi otsatira awo omwe a kumidzi n'kukhwimitsa malamulo a mfuti, ndipo boma lidagula n'kuphwanya mfuti zoposa 600,000. Mu 1999 adatumiza asilikali kukateteza anthu a ku East Timor. Chuma chidakula zaka zonse za ulamuliro wawo, ndipo adachoka boma lili ndi ndalama zotsala. Komanso ndi omwewa amene mu 2001 adakaniza sitima ya Tampa kutsitsa othawa kwawo amene idawavuula panyanja, ndi omwewa amene adakana kupepesa m'dzina la boma kwa eni nthaka a dzikolo, Aaborijini, amene ana awo adalandidwa. Dera limene amaimirira lidatenga dzina la Bennelong, mwini nthaka amene bwanamkubwa Arthur Phillip adam'gwira mokakamiza mu 1789, n'kupita naye ku England mu 1792, ndipo manda ake ali m'dera lomwelo. Anthu a mtundu wake adapatsidwa ufulu wonse wovota pa chisankho cha dziko lonse mu 1962. Kupepesa kuja adakuchita ndi a Rudd pa 13 Febuluwale 2008, ndipo a Howard sadapiteko. Wovota adali ndi zonsezi pa sikelo, zabwino ndi zoipa, ndipo sikeloyo idapendekeka pang'ono chabe.

Mmene adagwera ndi nkhani payokha. Usiku womwewo wa Loweruka, mavoti a pa positi asanawerengedwe n'komwe, a Howard adaimbira lamya a Rudd kuwafunira zabwino, kenaka adaima pamaso pa anthu awo m'hotela ina mu Sydney, n'kuvomera kuti boma lapita, kuti mlandu wa kugonjako ndi wawo, ndiponso kuti mwina mpando wa Bennelong nawo wapita. Labor idapeza mipando 83, mgwirizano wa a Howard 65. Pa 3 Disembala a Rudd adalumbira. Kuwerenga kwa ku Bennelong kudatenga nthawi chifukwa lamulo limapereka masiku 13 oti mavoti a pa positi afike, ndipo pepala lililonse limawerengedwa oimirira opikisana akuyang'ana. Pa 12 Disembala, tsiku lolengeza zotsatira, a Howard adabwera okha, adagwirana chanza ndi Mayi McKew, n'kumapita kwawo.

Abale athu a ku Zimbabwe dzina la Howard amalidziwa. Mu Malichi 2002 iwo, pamodzi ndi a Thabo Mbeki ndi a Olusegun Obasanjo, ndiwo adapatsidwa ntchito ndi bungwe la Commonwealth younika chisankho cha ku Zimbabwe, ndipo adaimitsa dzikolo m'misonkhano ya bungweli. Ambiri muno mu Africa adati mzunguyu akudzitenga ngati mphunzitsi wamkulu, ndipo pena amanena zoona, pakuti munthu wotsekera othawa kwawo pa chilumba cha Nauru sayenera kukweza mawu kwambiri pa za ufulu wa anthu. Koma mayeso a mphunzitsi amabwera tsiku limene iye mwini walakwa samu. Patangotha miyezi inayi a Howard atagwa, pa 29 Malichi 2008, Zimbabwe idavota. Zotsatira za mpando wa pulezidenti zidabisidwa mpaka pa 2 Meyi, ndipo chisankho chachibwereza cha mu Juni chidadza ndi magazi ochuluka kotero kuti a Morgan Tsvangirai adachokamo. Wina adavomera usiku womwewo. Wina adasunga zotsatira m'kabati masabata asanu. Pa mfundo imodzi iyi yokha, mphunzitsi uja adakhoza mayeso ake.

A Howard adali nduna yaikulu yachiwiri m'mbiri ya dzikolo kuluza mpando ili paudindo. Woyamba adali a Stanley Bruce mu 1929, m'dera la Flinders, ndipo nawonso chidawagwetsa ndi kuseweretsa malamulo a ntchito. Adagonja kwa mkulu wa mabungwe a antchito, a Jack Holloway. Amene adalowa unduna waukulu chaka chimenecho ndi a Scullin aja adagwidwa ndi msampha wa ku Corangamite. A Bruce adabwereranso mu 1931. A Howard sadayesenso.

Tsopano za Mayi McKew, ndi chifukwa chimene m'manja mwanga simukulira kwambiri. Ife atolankhani nkhaniyi timaikonda poti mnzathu wa cholembera ndiye adachita zimene andale akuluakulu adalephera, ndipo n'zoona kuti mayiwa adagwira ntchito. Adachoka ku wailesi ya ABC kumapeto kwa 2006, adasamukira ku Epping, adayenda m'makomo miyezi yambiri, adavina nawo pa chikondwerero cha apulo chija. Koma tinene zoona, chipani chidawatuma kumeneko chifukwa nkhope yawo imadziwika m'nyumba iliyonse imene muli kanema. Sadakulire m'deralo, sadakhalepo khansala, sadamenyerepo nkhondo ya sukulu kapena msewu wa kumeneko. Atafika ku Canberra adapatsidwa kaudindo kakang'ono kothandizira nduna, ndipo mawu aja amene amagwedeza andale pa kanema adazimirira. Mu Juni 2010 chipani chidachotsa a Rudd pa mpando n'kuika Mayi Julia Gillard, ndipo pa chisankho cha pa 21 Ogasiti chaka chomwecho anthu a ku Bennelong adawachotsa Mayi McKew patangotha nthawi imodzi yokha. Wogwetsa njovu adakhala pa mpando zaka zosakwana zitatu.

Adawagwetsa ndani? A Liberal adaphunzira msanga. Adabweretsa a John Alexander, katswiri wakale wa mpira wa tenesi, amene nayenso nkhope yake idali ya pa kanema. Mu 2017 a Alexander adatula pansi udindo zitadziwika kuti mwina ali ndi unzika wa Britain kudzera mwa bambo awo, pamene malamulo aakulu a dzikolo salola phungu kukhala nzika ya maiko awiri. Inu amene mudakhalitsa kunja mutu wa mapasipoti awiri mukuudziwa. Pa chisankho chapadera cha pa 16 Disembala 2017, Labor idatumiza nkhope inanso yodziwika, Mayi Kristina Keneally, amene adatsogolerapo boma la chigawo cha New South Wales, koma a Alexander adaubweza mpando wawo. Mtolankhani wa pa kanema, katswiri wa masewero, mtsogoleri wakale wa chigawo: kwa zaka khumi zipani ziwiri zikuluzikuluzi zidalitenga deralo ngati bwalo la zisudzo, kumene umatumizako munthu wotchuka kuti akakope maso. Chizolowezi chimenechi ine sindichikonda, kaya chichitike ku Sydney kaya kwina kulikonse. Chimauza khansala amene wakhala zaka akumvera madandaulo a ngalande ndi zinyalala kuti ntchito yake n'njopanda phindu, mpando ukapezeka adzabwera wina wochokera kumwamba. Kunena mwachilungamo a Alexander adadzakhala phungu wolimbikira, wosaopa kutsutsa chipani chake pa nkhani ya kukwera mtengo kwa nyumba, koma limenelo lidali dalitso la mwangozi.

A Alexander atapuma mu 2022, Labor idasintha nzeru n'kuimika a Jerome Laxale, munthu wa konko, amene adakhalapo khansala ndi meya wa Ryde. Adapambana movutikira, mavoti pafupifupi 51 pa 100 alionse atagawa onse. Chipani cha Liberal chitadzifufuza chokha pambuyo pa chisankhocho chidavomera kuti chidataya kwambiri m'madera okhala anthu ambiri ochokera ku China, chifukwa cha kalankhulidwe ka boma la a Scott Morrison pa nkhani za dziko la China. Phunziro la mu 1988 adayenera kulilipiranso kachiwiri. Chisankho cha 2025 chisanafike malire adasunthanso, ulendo uno kubwerera kum'mawa kwa opeza bwino kuja, moti owerengera adati mpandowo wapendekera ku Liberal. Pa 3 Meyi 2025 a Laxale adapambana ndi mavoti ochuluka kuposa poyamba. Meya wa ngalande ndi zinyalala adachita zimene mtolankhani wotchuka adalephera, kupambana kawiri.

Wina afunsa kuti nanga njira yolemba 1, 2, 3 ilibe vuto? Lilipo, ndipo si laling'ono. Mavoti owonongeka amachuluka m'madera a kumadzulo kwa Sydney kumene anthu ambiri Chingerezi si chiyankhulo chawo, makamaka maina akachuluka pa pepala. Zipani zimagawa timapepala pakhomo la malo ovotera touza anthu mmene alembere manambala, ndipo kuseri zimagulana kuti iwe undiike 2 ine ndikuike 2. Ngati zili choncho m'dziko limene pafupifupi aliyense adapita kusukulu, kuli bwanji kumene ambiri sadziwa kuwerenga? Papua New Guinea, dziko losauka loyandikana ndi Australia, idachepetsa n'kunena kuti wovota asankhe atatu okha, ndipo idagwiritsa ntchito njirayi pa chisankho chake cha 2007, koma ziwawa za pa chisankho sizidathe kumeneko. Pepala lokha silichiza dziko.

Komabe funso limene njirayi imayankha ife tidakumana nalo kale, ndipo tidaliyankha mbali imodzi yokha. Bwalo la milandu litagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka, tidavomereza kuti munthu wa mavoti 38 pa 100 alionse sangati anthu ambiri am'sankha. Nanga phungu? Iye timam'sankhabe mwa njira ija tidatengera ku Britain, yakuti amene watsogola, ngakhale ndi voti imodzi pakati pa anthu khumi ndi awiri ogawana mavoti, ndiye mwini dera kwa zaka zisanu. Ngati mfundoyo ili yoona pa mpando waukulu, ikhala bwanji yabodza pa mpando waung'ono? Chisankho chachibwereza m'dera lililonse sitingachikwanitse, ndalama zake palibe, ndipo n'chifukwa chake njira yofunsa wovota mafunso onse pa tsiku limodzi, pa pepala limodzi, iyenera kukambidwa m'malo mongoikana poti n'njachilendo. Amene sangafune kuikamba ndi amene akudziwa kuti adalowa m'nyumba ya malamulo chifukwa adani awo adali ambiri ndipo adagawikana.

Ku Australia zimene zidachitika ku Bennelong zidasiya kukhala zodabwitsa. Mu 2019 a Tony Abbott, amene adakhalapo nduna yaikulu, adaluza Warringah, kumayadi a m'mbali mwa nyanja ku Sydney, kwa Mayi Zali Steggall oima paokha. Mu 2022 nduna ya zachuma, a Josh Frydenberg, idaluza Kooyong ku Melbourne, mpando umene kale udali wa a Robert Menzies amene adayambitsa chipani cha Liberal, kwa dokotala wa ana, Mayi Monique Ryan. Ndipo mu 2025 mtsogoleri wotsutsa boma, a Peter Dutton, amene amayembekezera kudzuka ali nduna yaikulu, adaluza Dickson, kumayadi a kumpoto kwa Brisbane, dera limene adaligwira kuyambira 2001. Adawagwetsa ndi Mayi Ali France a Labor, amene adaduka mwendo pa ngozi ya galimoto mu 2011. Mayiwa adaima mu 2019 n'kugonja, adaimanso mu 2022 n'kugonja, ndipo sadasamuke kukafuna dera lofewa. Ulendo wachitatu a Dutton adawaimbira lamya usiku womwewo.